Khungu la nsomba likupoletsa mabala a moto, koma osati la pamsika

Awerengi anga, mwezi wa Juni ukangolowa, moto umasamuka kukhitchini n'kudzakhala pakati pa nyumba. Mbaula timagona nayo, ana amaunjikana pamafuwa m'mamawa, ndipo mphika wa phala umatsala pansi mayi akangoti athamangire kumjigo. N'chifukwa chake nyengo yozizira imadzaza mawodi ndi ana opsa. Ena ndi abale athu odwala khunyu, amene matenda akawagwira ali pafupi ndi moto amagweramo osadziwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'maiko osauka ngati lathu lino.

Zili choncho, m'mafoni mukuyenda zithunzi zodabwitsa. Munthu wopsa, mkono wake auphimba ndi khungu la nsomba, mizere ya mamba ikuoneka ngati wavala malaya a chambo. Ana asukulu anga andifunsapo kangapo ngati zimenezi n'zoona kapena n'zopanga pakompyuta. Yankho ndi lakuti n'zoona. Koma chithunzi chimangoonetsa pothera nkhani. Ntchito yomwe idachitika khungulo lisadafike pamkono wa wodwala siioneka, chonsecho ndi ntchito imeneyo yomwe imasiyanitsa mankhwala ndi poizoni. Ndiyo ndafuna tikambirane lero.

Tiyambe ndi khungu lathu lomwe. Ambiri timaliyesa chovala chabe, koma ndi chiwalo chachikulu kuposa zonse m'thupi. Limatseka madzi kuti asatayike, limatchinga tizilombo toyambitsa matenda, komanso limasunga kutentha kwa thupi. Munthu akapsa malo aakulu, mpanda umenewu umagwa. Madzi amatuluka pabala usana ndi usiku, ndipo tizilombo timalowa popanda wotiletsa. Ambiri omwe amamwalira m'chipatala atapsa, chimawatenga ndi kutha kwa madzi m'thupi m'masiku oyambirira, kapena tizilombo tolowa m'magazi pambuyo pake.

Choncho ntchito yaikulu ya dokotala ndi kutseka bala. Njira yofala ndi kulitsuka, kupaka mankhwala oyera aja otchedwa silver sulfadiazine, n'kumanga bandeji. Vuto lake n'lakuti bandeji imafunika kusintha pafupipafupi, nthawi zambiri tsiku lililonse, ndipo imamatirira pabala. Amene mudadikirirapo mwana wopsa m'chipatala mukudziwa kulira komwe kumamveka nthawi yotsuka mabala ikakwana. Maiko olemera ali ndi nkhokwe zosungiramo khungu la anthu omwe adalola kuti akamwalira lithandize ena, ndipo ena amagwiritsa ntchito khungu la nkhumba lokonzedwa bwino. Zonsezi n'zodula.

Dziko la Brazil lidali ndi vuto lomweli. Opsa ambiri, nkhokwe za khungu zochepa. Koma dzikolo limaweta nsomba zambiri za mtundu wa tilapia, ndipo mafakitale amachotsa mnofu wokha n'kutaya khungu. Dokotala wina wa opaleshoni, Marcelo Borges, ndiye adayamba kuganiza kuti khungu lotayidwalo lingagwire ntchito. Ganizoli adalitenga Dr Edmar Maciel ndi anzake a payunivesite ya Ceará mumzinda wa Fortaleza, ndipo kafukufuku adayamba m'chaka cha 2015. Sadathamangire kwa odwala. Adayamba aliyang'ana khungulo pamaikulosikopu, adayeza kulimba kwake, adafufuza tizilombo tomwe limakhala nato, kenako adaliyesa pa makoswe. Izi zitatheka, m'chaka cha 2016, m'pomwe adayamba kuliika pa anthu opsa pachipatala cha Instituto Dr. José Frota.

Chomwe adapeza n'chakuti khungu la nsombayi lili ndi kolajeni wambiri. Kolajeni ndi tiulusi tolimba ta mapuloteni tomwe tili m'khungu, m'mafupa ndi m'minyewa yathu. Amene mudamangapo nyumba yophoma mukudziwa kuti dothi palokha siliima. Pamafunika nsichi ndi mbariro kaye, dothi n'kubwera pambuyo. M'thupi mwathu maselo ndiwo dothi, kolajeni ndiye nsichi ndi mbariro. Kolajeni wa nsomba, wa ng'ombe ndi wa munthu amafanana kwambiri, motero thupi silimukana msanga. Ndiye amene amapangitsa kuti khungu la nsomba likhale lolimba, losang'ambika wamba, losunga chinyontho ndiponso lomatirira bwino pabala.

Tsopano mvetserani mbali yomwe zithunzi sizinena. Khungu likachotsedwa pa nsomba, amalipala mamba ndi mnofu wonse, amalitsuka kangapo, amaliviika m'mankhwala opha tizilombo otchedwa chlorhexidine, kenako m'mankhwala ena otchedwa glycerol. Likachoka apo amalitsekera m'mapaketi n'kulitumiza ku São Paulo kukaliwomba ndi cheza champhamvu cha gamma, chomwe chimapha tizilombo totsala kuphatikizapo mavairasi. Amatengakonso tizidutswa kukayeza ngati mwatsala kachilombo kalikonse. Khungu lokonzedwa chonchi limatha kukhala m'furiji mpaka zaka 2, ndipo fungo la nsomba limakhala litatheratu.

Pa mabala omwe sadalowe kwambiri, khunguli amaliika kamodzi, n'kukhala pomwepo masiku pafupifupi 10 mpaka khungu latsopano litamera pansi pake. Kenako limauma n'kusendeka. Atayerekeza odwala othandizidwa motere ndi omwe adapakidwa mankhwala a masiku onse, adapeza kuti a khungu la nsomba adamva ululu wochepa, sadasinthidwe bandeji kambirimbiri, ndipo mabala awo adapola msangako. Koma si zozizwitsa. Khungu la nsomba silisanduka khungu la munthu. Moto ukalowa kwambiri mpaka kuwononga khungu lonse, pamafunikabe opaleshoni yosenda khungu pena pathupi la wodwala, monga pantchafu, n'kukaliika pabalapo.

Kubwereka kuchilengedwe pokonza thupi sikudayambe ndi a ku Brazil. Kwa zaka mazana ambiri, ulusi wosokera mabala womwe umasungunuka wokha m'thupi unkapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhosa. Lero pali mabandeji ochokera ku ndere za m'nyanja zamchere omwe amayamwa madzi a pabala, ndi ena ochokera ku zigoba za nkhanu omwe amathandiza kuletsa magazi. M'chaka cha 1981, ku Boston m'dziko la America, dokotala John Burke ndi katswiri wa sayansi Ioannis Yannas adalengeza za khungu lochita kupanga ndi kolajeni wa ng'ombe pamodzi ndi zochokera ku fupa lofewa la nsomba ya shaki. Ili ndiye lidali nsichi ndi mbariro zenizeni. Akaliika pabala, maselo a wodwala amalowa m'timabowo take, mitsempha ya magazi n'kumera, ndipo pang'onopang'ono thupi limasungunula chobwerekacho n'kuikapo chake. Koma taonani zaka. Lidalengezedwa mu 1981, boma la America lidavomereza kuti ligulitsidwe mu 1996. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nako ku Iceland, m'tauni yaing'ono ya asodzi ya Ísafjörður, kampani ya Kerecis imakonza khungu la nsomba ya cod kuti lizithandiza pa zilonda zosapola. M'chaka cha 2023 kampani ya ku Denmark ya Coloplast idagwirizana zoigula pamtengo wofika madola 1.3 biliyoni a ku America. Chuma chonsecho gwero lake ndi chinthu chomwe kale chinkangotayidwa.

Mwina mukufunsa kuti nanga khansa ikulowapo bwanji. Ikulowa pawiri. Poyamba, chithandizo cha khansa chimasiya mabala akeake. Opaleshoni imachotsa mnofu, ndipo cheza chowotchera chotupa chimaumitsa malo ozungulira. Ku Fortaleza komwe kuja, madokotala a amayi motsogozedwa ndi Dr Leonardo Bezerra adagwiritsa ntchito khungu la tilapia pokonza njira yodzera mwana kwa amayi obadwa opanda njirayi, komanso kwa mayi amene njira yake idatsekeka chifukwa cha chithandizo cha khansa.

Pachiwiri, nsichi ndi mbariro zija zikuthandiza asayansi kuimvetsa khansa. M'chaka cha 1889, dokotala wa ku London, Stephen Paget, adafufuza zolembedwa za amayi 735 omwe adamwalira ndi khansa ya m'mawere. Adaona kuti khansa ikamafalikira siingokhazikika pena paliponse, ili ndi ziwalo zomwe imakonda, monga chiwindi. Adaifotokoza nkhaniyi m'njira yomwe mlimi aliyense angamve, poyerekeza selo la khansa ndi mbewu, ndipo chiwalo chomwe lagwerapo ndi nthaka. Mbewu ingagwere paliponse, koma imamera pomwe nthaka yailola.

Ngakhale zidali choncho, kwa zaka zambiri asayansi ankaphunzira mbewu yokha popanda nthaka. Ankalera maselo a khansa m'timbale tagalasi kapena tapulasitiki, pomwe maselo amangoyala ngati mphasa. Mankhwala ambiri omwe ankapha maselo m'mbale ankalephera akafika m'thupi la munthu, chifukwa m'thupi chotupa ndi chibuma, chozunguliridwa ndi kolajeni ndi maselo ena, ndipo mankhwala amavutika kufika pakati pake. Zinthu zidayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980, pomwe Hynda Kleinman ndi anzake ku America adapanga phala lotchedwa Matrigel kuchokera ku chotupa cha mbewa za m'labotale. M'phala limeneli maselo amakula mbali zonse monga amachitira m'thupi.

Katswiri wina, Mina Bissell wa ku Berkeley, adalera maselo a m'mawere m'phala lotere. Maselo abwino adapanga timipira tadongosolo tofanana ndi timatumba topanga mkaka, pomwe a khansa adapanga zibuma zopanda mutu. M'chaka cha 1997 gulu lake lidaonetsa kuti atatseka kachingwe kena komwe selo limagwirira zolizungulira, maselo a khansa aja adayamba kukhala mwadongosolo ngati abwino, ngakhale kuti chilema chawo cha m'kati chidali chikadalipo. Kenako mu 2009, ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Hans Clevers ndi Toshiro Sato adalera timatumbo ting'onoting'ono m'phala lomweli. Lero asayansi amatha kutenga kachidutswa ka chotupa cha wodwala, kukalera m'labotale, n'kuyesapo mankhwala osiyanasiyana kuti aone omwe akugwira. Popeza Matrigel ndi wodula ndipo botolo lina limasiyana ndi linzake, ofufuza akuyesanso kolajeni, ndere za m'nyanja ndi ulusi wa silika.

Onani bwino apa, abale anga. M'kafukufuku ameneyu ndere kapena kolajeni sizikuchiza khansa ayi. Ndi munda woyeserapo chabe. Ndikunena izi chifukwa mawu akuti "zachilengedwe" asanduka nyambo m'dziko muno. M'mabasi, m'misika ndi m'mafoni muli anthu ogulitsa mabotolo omwe akuti amachiza khansa, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka nthawi imodzi. Mukawafunsa umboni amakuuzani kuti ngakhale azungu avomereza kuti zachilengedwe zimachiritsa. Nkhani ngati ya khungu la nsomba amaitenga n'kuisandutsa chikwangwani cha malonda awo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunyoza mitengo ndi zitsamba. Pali duwa lina loyera kapena lofiirira lomwe ambiri tidabzala pakhomo, lija losafota msanga m'chilimwe, lotchedwa Madagascar periwinkle. Anthu a m'maiko ena ankamwa masamba ake pofuna kuchiza shuga. M'zaka za m'ma 1950, Robert Noble ndi Charles Beer ku Canada adaliyesa pa makoswe. Pa shuga sadapeze phindu, koma adaona kuti likuchepetsa maselo oyera a m'magazi. Apo m'pomwe padachokera mankhwala a vinblastine, ndipo pambuyo pake duwa lomweli lidapereka vincristine, amene mpaka lero akuthandiza ana odwala khansa ngakhale m'zipatala zathu zazikulu. Koma kuti papezeke galamu imodzi ya mankhwalawa pamafunika makilogalamu mazana a masamba, ndipo mlingo wake amauyeza mosamala chifukwa ndi poizoni. Munthu wowiritsa masambawa n'kumwa sachiza khansa, angodzivulaza. Makolo adaloza mtengo, kuyeza ndiko kudapeza ntchito yake yeniyeni.

Pamene mayi akumwa za m'botolo miyezi isanu ndi umodzi, chotupa sichidikira. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ikutenga amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi, chonsecho ikapezeka msanga imachizika. Kuyezetsa m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo njira imodzi yoyezera imagwiritsa ntchito viniga wamba. Kuyambira mu 2019 atsikana a zaka 9 akulandira katemera wa HPV woteteza ku khansayi. Izi ndi zomwe zidayezedwa n'kupezeka kuti zimagwira ntchito.

N'chimodzimodzi ndi mabala a moto. Pasukulu yathu padali mtsikana wa Fomu 2 yemwe adapsa dzanja ndi madzi a nyemba. Achibale, mwachikondi chawo, adapakapo dzira laliwisi ndi mankhwala otsukira mano, n'kumanga chitenje. Adafika kuchipatala patapita masiku asanu bala litachita mafinya. Moyo adapulumuka, koma zala ziwiri zidapindika ndi chipsera, ndipo adachita kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Mantha anga ndi akuti pamndandanda wa mazira, mafuta ophikira, soda, mwaye ndi ndowe, tsopano tiwonjezerapo khungu la nsomba ya pamsika. Nsomba yomwe yakhala pathandala tsiku lonse ntchentche zikuitera ili ndi tizilombo tosawerengeka. Kuiika pabala lotseguka n'kuitanira mdani m'nyumba yopanda chitseko.

Munthu akapsa, chofunika ndi madzi ozizira aukhondo. Thirani pamalo opsawo kwa mphindi 20, osati madzi oundana. Vulani mphete, zibangili ndi zovala zomwe sizidamatirire, malowo asadatupe. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa bwino, mufunditseni wodwalayo kuti asazizidwe, makamaka akakhala mwana, ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Musapakepo kanthu.

Nanga ife a Malawi tingapindule chiyani ndi nzeru ya ku Brazil? Nsomba yawo ija dzina lake la sayansi ndi Oreochromis niloticus. Chambo chathu ndi makumba n'za mbumba yomweyo ya Oreochromis. Ubale umenewu ukupereka chiyembekezo, koma ubale si umboni. Khungu la nsomba zathu liyenera kuyezedwa palokha, kuyambira pamaikulosikopu monga adachitira anzathu. Palinso zina zofunika kuziganizira. Ife chambo timadya ndi khungu lomwe, sititaya ngati a ku Brazil. Chambo cha m'nyanja chachepa kwambiri, moti mu 2018 bungwe la IUCN lidachiika pagulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu. Ndiye kuti khungu loyesera liyenera kuchokera m'maiwe ndi m'malo ena oweteramo nsomba. Pamafunikanso njira yodalirika yophera tizilombo ndi magetsi osazimazima osungira.

Mwina yankho lathu silidzakhala nsomba n'komwe. Ku Mumbai m'dziko la India, madokotala adayesa masamba a nthochi ophikidwa m'makina a chipatala ophera tizilombo ngati chophimba mabala a moto, ndipo adapeza kuti samatirira pabala komanso mtengo wake n'ngotsika kwambiri. Nthochi tili nazo kuyambira ku Karonga mpaka ku Mulanje. Chomwe tingatengere kwa anzathuwa si nsomba kapena tsamba, koma khalidwe loyang'ana chomwe chili pafupi, kufunsa funso, n'kuyeza moleza mtima.

Anthu oti n'kugwira ntchitoyi tili nawo. Ku KUHeS kuli madokotala ndi ofufuza, ku Bunda pansi pa LUANAR kuli akatswiri a ulimi wa nsomba, ku Domasi kuli likulu la kafukufuku wa ulimi womwewu, ku MUST akuphunzitsa mainjiniya a zipangizo za chipatala, ndipo zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central zili ndi mawodi a anthu opsa. Bungwe la PMRA lilipo kuti lizivomereza kapena kukana mankhwala. Mutu umodzi susenza denga. Pempho langa n'lakuti amenewa akhale pamodzi, ndipo boma pogawa ndalama likumbukire kuti kafukufuku nayenso ndi chitukuko.

Koma ofufuza a mawa ali m'makalasi mwathu lero. Ine ndimaphunzitsa za khungu pojambula ndi choko pabolodi, ana n'kuloweza mayina a magawo ake kuti akakhoze mayeso a MSCE. Ambiri mwa iwo adzamaliza Fomu 4 asadaonepo selo ndi maso awo, chifukwa sukulu zambiri za kumudzi zilibe labotale. Mwana amene sadayang'anepo pamaikulosikopu n'kovuta kuti akhulupirire kuti pakhungu la nsomba looneka loyera pali tizilombo. N'kovutanso kuti adzalote zoti tsiku lina angadzakonze khungulo kukhala mankhwala. Makomiti a makolo, aphungu ndi abale omwe mudaphunzira m'sukulu zimenezi ndipo lero muli pantchito m'tauni kapena ku Johannesburg, maikulosikopu imodzi ingasinthe kalasi yonse.

Pakadali pano, chida chomwe aliyense wa ife ali nacho ndi funso. Wina akakubweretserani botolo, tsamba kapena khungu n'kunena kuti n'zachilengedwe, mufunseni kuti adaziyeza ndani, adaziyesa pa anthu angati, adazitsuka bwanji, ndipo adavomereza ndani. Akakwiya ndi mafunsowa, sungani ndalama zanu mukwerere kabaza wopita kuchipatala. Safunsa adadya phula.

Tikumanenso sabata ya mawa.